Makhadi a ma archetype: othandiza polemba nkhani, osocheretsa poyeza munthu

Ndinene mosapsatira poyambirira pomwe, kuti amene muli pachangu musavutike. Ngati mumalemba nkhani, masewero kapena mafilimu, makhadi awa ndi chida chabwino ndipo ndikukulimbikitsani kuti muwapeze. Koma ngati mukuwafuna kuti akuuzeni kuti inuyo ndinu munthu wamtundu wanji, asiyeni. Bokosi limodzi lomwelo likugulitsidwa ndi malonjezo awiri onsewa, ndipo limakwaniritsa limodzi lokha.

Kwa amene mawu oti archetype ndi achilendo, nkhani yake ndi iyi. Mukamamva nthano za mitundu ya anthu otalikirana, amene sanaonanepo n'komwe, mumapeza kuti anthu ena amangobwerabwerabe. Pali nkhalamba imene imakumana ndi mnyamata panjira n'kumupatsa malangizo kapena kanthu kodzamupulumutsa kutsogolo. Pali mwana wamasiye wozunzidwa amene pamapeto pake amakwezedwa. Pali tambwali wofooka thupi koma wakuthwa mutu, amene amapusitsa amphamvu, nthawi zina n'kukodwa mumsampha wake womwe. Mayina amasintha, zovala zimasintha, koma akangotulukira mumamuzindikira. Zimenezi ndi zimene Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, anazitcha ma archetype, ndipo ndi zimene opanga makhadiwa ayesa kuziika m'manja mwa wolemba.

M'bokosimo muli makhadi 50, onse olembedwa m'Chingerezi. Makhadi 12 ndi a anthu amene kabuku kamawatcha akuluakulu: Ngwazi, Wosalakwa, Wamasiye, Wosamalira, Wofufuza, Woukira, Wachikondi, Mmisiri, Wolamulira, Wamatsenga, Wanzeru ndi Wanthabwala. Ena 8 ndi a ntchito zimene mpangankhani amagwira m'nkhani, monga Mlangizi, Mthenga, Mlonda wa pachipata, Wosinthasintha, Bwenzi, Tambwali ndi Chithunzithunzi, ndipo Ngwazi akupezekanso kachiwiri m'gulu limeneli. Kenako pali makhadi 24 a mavuto, ndi 6 osalembedwa kanthu. Pamwamba pa izi pali kabuku kakang'ono, pepala lalikulu lopinda lojambulidwa ulendo wa ngwazi, ndi nambala yolowera pa intaneti kukayankha mafunso okuuzani archetype yanu.

Kapangidwe kake n'kabwino ndithu. Makhadiwo ndi aakulu, pepala lake ndi lokhuthala, ndipo sapindika msanga ngakhale adutse m'manja ambiri. Chimene ndinakondwera nacho kwambiri n'chakuti wojambula sanaike nkhope. Munthu aliyense wajambulidwa ngati mdima wa thupi lokha, wopanda khungu, wopanda tsitsi loti n'kukuuzani kuti ndi wa dziko liti. Zimenezi zimasiya mpata woti inu muikemo nkhope ya munthu wanu. Zodandaula zilipo ziwiri: makhadi akakhala atsopano amamatana chifukwa cha kuterera kwa utoto wake, ndipo mafunso a kuseri analembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono zotuwa, moti powerenga usiku maso amawawa. Pomwe mafunsowo ndiye chuma chonse cha bokosili.

Apa ndiye pagona nkhani. Kutsogolo kwa khadi kuli chithunzi ndi dzina basi. Kuseri kuli mafunso anayi kapena asanu, ndipo amene anawalemba ndi munthu wodziwa kumene nkhani imafera. Sakukuuzani kuti Mlangizi ndi wanzeru, wachifundo, wa imvi. Akukufunsani zinthu zimene simunaganizepo kumufunsa munthu wanu.

Ndinali ndi nkhani imene inakana kuyenda kwa nthawi yaitali. Ndi ya mtsikana amene akuphunzira kusoka zovala kwa mayi wachikulire, telala wodziwika. Mtsikanayo ndinkamudziwa bwino: njala yake ya ntchito, manyazi ake, zala zake zobayidwa ndi singano. Koma mayi uja anali wozizira. Ankalowa, n'kupereka malangizo abwino, n'kutuluka. Palibe amene akanamukumbukira atatseka buku. Nditatenga khadi la Mlangizi, funso lachiwiri linali lakuti mlangiziyu ataya chiyani tsiku limene wophunzira wake adzamupose. Ndinakhala phee. Sindinaganizepo kuti mayiyo ali ndi choti n'kutaya. Yankho linabwera pang'onopang'ono: maso ake ayamba kuchita khungu, ndipo akubisa. Amamufuna mtsikanayo chifukwa payekha sangalowetsenso ulusi pa singano, komanso amamuopa chifukwa makasitomala akadzazindikira adzasamukira kwa iye. Ndiye amamuphunzitsa zonse, kusoka, kupeta, kuika zipi, kupatula chinthu chimodzi: kudula nsalu. Sizasi saimugwiritsa. Nkhani yonse inasanduka ya sizasi imeneyo.

Taonani zimene zinachitika pamenepo. Mayi uja sanasiye kukhala mlangizi, koma anakhalanso mlonda wa pachipata, woima pakati pa mtsikanayo ndi ntchito imene akuifuna. Pa tsamba lina amamuthandiza, pa tsamba lotsatira amamutchinga, ndipo zonsezi amachita ndi mtima umodzi womwewo wamantha. Khadi silinandiuze kuti mayiyo ndi ndani. Linangondifunsa funso limene linandikakamiza kumuyang'anitsitsa. Chiyambire pamenepo ndimagwiritsa ntchito makhadiwa mwa njira imeneyi: mpangankhani akakhala wozizira, ndimatenga makhadi awiri otsutsana n'kudzifunsa kuti ndi pa tsamba liti pamene wavala lina, ndi pa tsamba liti pamene wavula n'kuvala linalo.

Makhadi 24 a mavuto ndi osakanikirana. Ena ndi amphamvu, monga la ngongole imene singabwezedwe ndi ndalama, la lonjezo limene munthu anapereka kwa wakufa, ndi la kubwerera kumalo kumene aliyense akukumbukira zimene unachita. Ena ndi opanda mchere, ongodzazira bokosi: kusakhulupirika, chinsinsi, ulendo. Wolemba aliyense amadziwa kale kuti m'nkhani mumakhala chinsinsi. Theka la makhadi amenewa sindiligwiritsa ntchito.

Khadi limene ndimalilemekeza kuposa onse ndi la Chithunzithunzi, ndipo ndikufuna kukhalitsa pa ilo. Olemba ambiri amaganiza kuti chithunzithunzi ndi mdani wa ngwazi basi, munthu woipa wa m'nkhani. Jung sankatanthauza zimenezo. Kwa iye chithunzithunzi ndi mbali za munthu mwini zimene iye sakufuna kuvomereza kuti ndi zake: nsanje, umbombo, ukali, mantha, nthawi zinanso zinthu zabwino monga luso kapena kulimba mtima kumene anakukwirira ali mwana chifukwa chodzudzulidwa. Ndipo popeza sakufuna kuziona mwa iye, amaziona mwa anzake, n'kumadana nazo ndi ukali wopyola muyeso. Khadili lagwira mfundo imeneyi bwinobwino. Funso lake loyamba ndi lakuti mpangankhani wanu amanyansidwa kwambiri ndi khalidwe liti mwa anthu ena, ndipo lachiwiri ndi lakuti khalidwe lomwelo walibisa pati mwa iye mwini.

Ndinaliona likugwira ntchito m'kagulu ka achinyamata amene timakumana kuti tiziwerengerana zimene talemba. Mnyamata wina anali ndi nkhani ya mphunzitsi wankhanza amene amalanga mopanda chisoni ana obera mayeso. Nkhaniyo inali ya mwana wabwino ndi mphunzitsi woipa, basi. Atawerenga mafunso a kuseri kwa khadili anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati mphunzitsiyo satifiketi imene anapezera ntchito si yake, ndi ya mchimwene wake amene anamwalira. Mwana aliyense wobera amamukumbutsa zimenezo. Tonse tinamva tsitsi kuima. Mphunzitsi uja sanasiye kukhala wankhanza, koma tsopano nkhanza zake zinali ndi muzu, ndipo woŵerenga akanatha kumuda ndi kumumvera chisoni pa nthawi imodzi. Chida chimene chingathandize wolemba wachinyamata kufika pamenepo mu mphindi zochepa ndi choyenera kuyamikiridwa.

Tsopano zimene zandikhumudwitsa, ndipo zayambira pa tsamba loyamba la kabuku. Pamenepo alemba kuti anthu 12 akuluakulu aja ndi ma archetype 12 a Jung. Zimenezi si zoona. Jung, amene anabadwa mu 1875 n'kumwalira mu 1961, sanasiye mndandanda wa 12. Mawu oti archetype anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1919, patapita zaka zingapo atasemphana ndi Sigmund Freud, dokotala mnzake wotchuka pa za maganizo, ndipo amene analembapo kwambiri ndi chithunzithunzi, anima ndi animus (mbali yachikazi mwa mwamuna ndi yachimuna mwa mkazi), persona (nkhope imene timaonetsa kwa anthu), mayi, mwana, nkhalamba yanzeru, tambwali, ndi chimene anachitcha Self, kutanthauza uthunthu wa munthu. Iye mwini ananena kuti ma archetype ndi ochuluka monga mmene zochitika zobwerezabwereza za moyo zilili zochuluka. Mndandanda wa 12 unatchuka ndi Carol Pearson wa ku America m'buku lake la 1991, Awakening the Heroes Within. Mu 2001 iye pamodzi ndi Margaret Mark analemba buku lina lophunzitsa makampani kugwiritsa ntchito anthu 12 omwewa potsatsa malonda, kuti kampani ina izioneka ngati Ngwazi, ina ngati Wosamalira. Kuchokera kumeneko mndandandawu unafalikira paliponse, ndipo panjira dzina la Pearson linagwa, n'kutsala la Jung.

Wina anganene kuti zilibe kanthu, bola makhadiwo akugwira ntchito. Kwa ine zili ndi kanthu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mayi amene anagwira ntchitoyo akulandidwa ulemu wake, ndipo dzina lake silipezeka paliponse m'kabukuka. Chachiwiri n'chachikulu: kunena kuti alipo 12 kumasintha tanthauzo lenileni la ganizolo. Jung ankasiyanitsa archetype yeniyeni ndi zithunzi zimene imabala. Archetype yeniyeniyo, malinga ndi iye, sioneka ndipo ilibe nkhope. Ndi chizolowezi chabe chobadwa nacho cha maganizo, chopangitsa kuti tiziumba zithunzi za mtundu winawake. Anaiyerekezera ndi kapangidwe ka mwala wa kristalo. Taganizirani madzi a mchere akamauma: timibulu timatuluka ndi kaumbidwe kamodzimodzi nthawi zonse, ngakhale kuti m'madzimo simunali kanthu kooneka koti n'kuloza. Nkhope, dzina ndi zovala zimachokera kwa anthu ndi nthawi yawo. Mukatenga ganizo lotere n'kulisandutsa mabokosi 12 okhala ndi mayina, zokonda ndi zoopa za aliyense, mwapanga chinthu china, chimene mwina n'chothandiza, koma si cha Jung.

Gulu la makhadi 8 nalonso lili ndi mwini wake amene sanatchulidwe. Ndi la Christopher Vogler, amene m'zaka za m'ma 1980 analemba kalata ya masamba 7 yolangiza anthu opanga mafilimu ku Disney, kenako mu 1992 n'kuikulitsa kukhala buku lotchedwa The Writer's Journey. Vogler ananena mfundo imene ndikanakonda ikanalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa chivundikiro cha bokosili: ma archetype m'nkhani ali ngati zigoba zakumaso zimene mpangankhani amavala kwa kanthawi kuti agwire ntchito inayake, osati mtundu wa munthu wosasintha. Ngakhale m'nkhani yakale ya Agiriki ya Odysseus zili choncho. Munthu wotchedwa Mentor, amene anasiyidwa kuti aziyang'anira nyumba Odysseus atapita kunkhondo, sachita zambiri payekha. Malangizo amene amalimbitsa mtima mnyamata Telemachus, mwana wa Odysseus, amachokera kwa mulungu wamkazi Athena atavala maonekedwe a Mentor. Ulangizi ndi ntchito imene wina waivala. Opanga makhadiwa asakaniza magulu awiriwa, la Pearson lonena za mitima ya anthu ndi la Vogler lonena za ntchito za m'nkhani, osafotokoza kusiyana kwake. N'chifukwa chake Ngwazi alipo kawiri, ndipo achinyamata a m'kagulu kathu ankafunsa kuti Wanzeru ndi Mlangizi akusiyana pati, Wanthabwala ndi Tambwali akusiyana pati. Kabuku kalibe yankho. Ndime imodzi yokha ikanathetsa chisokonezo chonsechi.

Pepala lopinda lija ndi lokongola, loyenera kukhoma pakhoma. Lajambula bwalo la masitepe 12: ngwazi ili kwawo, yaitanidwa, yakana, yakumana ndi mlangizi, yawoloka malire, yayesedwa, yayandikira imfa, yapeza mphotho, yabwerera itasinthika. Pansi pake alembapo dzina la Joseph Campbell, wolemba wa ku America wofufuza nthano zakale, ndi mawu oti nkhani iliyonse ya padziko lapansi imatsata njira imeneyi. Campbell analembadi za ulendowu mu 1949 m'buku la The Hero with a Thousand Faces, koma masitepe ake anali 17, ogawidwa patatu: kunyamuka, kuyesedwa ndi kubwerera. A 12 ndi a Vogler. Izi ndi zazing'ono. Chachikulu ndi mawu oti nkhani iliyonse.

Si nkhani iliyonse. Akatswiri ofufuza nthano, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa ndi kuyerekeza nthano zenizeni zimene anthu amakamba, akhala akutsutsa zimenezi kwa nthawi yaitali. Alan Dundes wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anadzudzula Campbell poyera chifukwa chonena kuti zinthu zili paliponse popanda umboni. Vuto la njira ya Campbell ndi lakuti amatenga chidutswa cha nthano iyi, chidutswa cha nthano iyo, n'kuzilumikiza kukhala ulendo umodzi umene palibe mtundu wa anthu umene unaukambapo wonse. Ku China, Japan ndi Korea kuli kakonzedwe kakale ka nkhani ka magawo anayi, kamene ku Japan amakatcha kishōtenketsu, kamene mphamvu yake ili pa kutembenuka kodabwitsa kwa gawo lachitatu, osati pa nkhondo ya ngwazi ndi mdani. Nkhani zambiri za tambwali zilibe kubwerera kulikonse kwa munthu wosinthika: tambwali amatha nkhani ali yemwe uja, wokonzeka kupusitsanso wina mawa. Ndipo mu 1990 Maureen Murdock analemba The Heroine's Journey chifukwa choona kuti ulendo wa Campbell sukufotokoza zimene amayi ambiri amadutsamo.

Ndikanakonda opanga makhadiwa akanatengera kudzichepetsa kwa Vladimir Propp wa ku Russia. Mu 1928 iye anasanthula nthano 100 za matsenga za ku Russia, zochokera m'zimene Afanasyev anasonkhanitsa, n'kupeza kuti zonse zamangidwa ndi zochitika 31 zimene zimabwera mwa ndondomeko imodzi, ndiponso kuti ntchito za ampangankhani ndi 7: woipa, wopereka chida, wothandiza, mwana wamkazi wa mfumu ndi bambo ake, wotuma, ngwazi, ndi ngwazi yabodza. Propp ananena za nthano zimene anaziwerenga, za mtundu umodzi, za dziko limodzi. Aliyense angathe kutenga nthano zomwezo n'kuona ngati ananena zoona. Ngwazi yabodza ija, munthu amene amabwera kudzalandira ulemu wa ntchito imene wina anagwira, ndi mmodzi mwa anthu okoma kwambiri kulemba, ndipo m'bokosili mulibe.

Sindikukana kuti kufanana kulipo. Kulipo, ndipo kumadabwitsa. Nkhani ya mtsikana wozunzidwa ndi mayi womupeza, amene anataya nsapato n'kukwatiwa ndi mfumu, inalembedwa ku China m'zaka za m'ma 800, mtsikanayo dzina lake Ye Xian, zaka mazana ambiri Charles Perrault asanalembe ya Cinderella ku France mu 1697. Tambwali ali ponseponse: Anansi kangaude wa Aakan ku Ghana, kalulu wa m'nthano zambiri za mu Africa, Coyote wa anthu oyambirira a ku North America, Loki wa ku Scandinavia, Hermes wa Agiriki amene anaba ng'ombe za Apollo tsiku lomwe anabadwa. Funso ndi lakuti kufananaku kwachokera kuti. Jung anati tonse timabadwa ndi mbali yobisika ya maganizo imene ndi imodzi kwa anthu onse. Koma pali mayankho ena osafuna chikhulupiriro chachikulu chotere. Nthano zimayenda ndi amalonda, akapolo, asilikali ndi maukwati: Anansi anawoloka nyanja ndi anthu ogwidwa ukapolo n'kukakhazikika ku Jamaica. Komanso moyo wa munthu uli ndi zinthu zofanana kulikonse. Aliyense anabadwa kwa mayi, anakhalapo wamng'ono pakati pa akuluakulu, anaonapo wofooka akupulumuka ndi nzeru, adzaikapo maliro. Kabukuka katenga yankho la Jung lokha n'kulipereka ngati sayansi yotsimikizika, pomwe akatswiri ambiri a kaganizidwe ka munthu masiku ano saliona choncho, chifukwa palibe njira yabwino yoliyesera.

Pali chinanso chimene woŵerenga ayenera kudziwa pamene wina akumuuza kuti Jung anapeza zimene zili mwa anthu onse. Mu 1925 Jung anapita ku Kenya ndi Uganda, n'kukhala kwa kanthawi m'dera la phiri la Elgon. Zimene analemba za anthu a mu Africa zili ndi maganizo onyoza a nthawi ya atsamunda, owaona ngati otsalira m'kaganizidwe, ndipo ngakhale otsatira ake ambiri lero amavomereza zimenezi. Sizikutanthauza kuti zonse zimene ananena n'zachabe. Ganizo lake la chithunzithunzi ndimaliona likugwira ntchito mlungu uliwonse. Koma munthu amene ankayang'ana anthu ena ndi maso otere sitingamutenge ngati mboni yomaliza ya zimene zili mwa anthu onse.

Khadi la Tambwali likuonetsa vuto lomweli pang'ono. Lalembedwa ngati munthu wosangalatsa, wobweretsa kuseka ndi kusintha. Koma Loki anachititsa imfa ya mulungu Baldr, ndipo kalulu m'nthano zambiri amapha ndithu anzake kuti iye adye. Tambwali weniweni amasekesa ndi kuopsa nthawi imodzi. Mukamuchotsa mano kuti akwanire pa khadi lokongola, mwatsala ndi wanthabwala chabe.

Ndafika pa mafunso a pa intaneti, ndipo apa ndiye sindikunyengerera. Mumayankha mafunso angapo osankha pakati pa mayankho okonzeratu, monga ngati mumakonda kutsogolera kapena kuthandiza, kenako kompyuta imakuuzani kuti ndinu Wofufuza kapena Wosamalira, n'kukupatsani tsamba lofotokoza mtima wanu. Mukaliwerenga mumamva ngati wina wakuonani mpaka mkati. Ine ndinatuluka Mmisiri ndipo zinandikoma. Kenako ndinawerenga tsamba la Wanzeru, la Wofufuza, la Woukira, ndipo lililonse linkanena za ine chimodzimodzi. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Mu 1948 Bertram Forer, mphunzitsi wa za kaganizidwe ka munthu ku America, anapatsa ophunzira ake 39 mafunso oyeza umunthu, kenako n'kupatsa aliyense pepala limene anati ndi zotsatira zake zapadera. Anawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lawafotokozera molondola. Avereji inali 4.3. Pomwe onse analandira pepala limodzi lomwelo, lokhala ndi mawu amene ambiri anawatenga m'kabuku ka zolosera za nyenyezi, mawu onga akuti nthawi zina mumadzikayikira, kapena kuti muli ndi luso limene simunaligwiritse ntchito mokwanira. Masamba a pa intaneti awa alembedwa mwa njira yomweyo.

Wina angati ndi masewera chabe, palibe amene wavulala. Ndinaona zina. Mtsikana wina wa m'kagulu kathu, amene amalemba nkhani zakuthwa, zaukali, zonena za anthu oipa mopanda mantha, anatuluka Wosamalira. Tsamba lake linamuuza kuti mphatso yake ndi kutonthoza ndi kuika ena patsogolo. Pa msonkhano wotsatira anabwera ndi nkhani yofatsa, yoziziritsidwa, ndipo anafotokoza kuti mwina ukali uja sunali iye weniweni. Zinandipweteka mumtima. Mafunso ochepa a pa kompyuta anatsala pang'ono kumulanda mawu ake. Tinakambirana nthawi yaitali, ndipo chimene chinamubweza ndi khadi lomwe lija la Chithunzithunzi, chifukwa linamukumbutsa kuti munthu sali chinthu chimodzi. N'zomvetsa chisoni kuti bokosi limodzi lili ndi mankhwala ndi poizoni wake pamodzi. Ndiwonjezere kuti amene akuvutika maganizo zenizeni asayembekezere thandizo kwa makhadi awa kapena mafunso awo. Ameneyo akufunika munthu wophunzira ntchitoyo. Kabuku sikanena zimenezi paliponse, ndipo kanayenera kunena.

Pa nkhani ya amayi, makhadi achita bwino kuposa pepala lopinda. Popeza zithunzi zilibe nkhope, Wolamulira angakhale mayi, Wosamalira angakhale bambo, ndipo mafunso a kuseri sasankha. Koma zitsanzo za m'kabuku zabwerera ku zakale: Ngwazi, Wanzeru ndi Woukira onse ndi amuna, Wachikondi ndi Wosamalira ndi akazi, ndipo pafupifupi zonse zachokera m'mafilimu a ku America. Kwa chinthu chodzitcha cha anthu onse, zitsanzo zake n'zopapatiza kwambiri.

Makhadi 6 osalembedwa aja poyamba ndinawaona ngati njira yodzazira bokosi, koma tsopano ndimawawerengera pakati pa zabwino zake. Pa loyamba ndinalembapo ngwazi yabodza ya Propp, ndi mafunso anga: akudziwa kuti akunama, kapena wayamba kukhulupirira yekha kuti ntchitoyo anagwira ndiye? Pa lachiwiri ndinalembapo wotsala, munthu amene sapita paulendo, amene amasunga nyumba ndi ana pamene ngwazi ikukatchuka kutali. Penelope anadikira mwamuna wake Odysseus zaka 20, ndipo kwa zaka zitatu ankaluka nsalu masana n'kumaimasula usiku kuti apusitse amuna omufunsira, koma bwalo la masitepe 12 lilibe malo a munthu wotere. Achinyamata aja anawonjezera mboni, munthu amene anaona zonse koma sananene kanthu. Pepala la makhadiwa ndi loterera, choncho cholembera wamba chimafufutika. Pamafunika cha inki yosachoka.

Amene angapindule kwambiri ndi bokosili ndi wolemba amene ali kale ndi nkhani ndi anthu ake, koma wina mwa iwo wakana kupuma. Lingathandizenso aphunzitsi a zolembalemba ndi magulu a zisudzo, chifukwa kugawana makhadi kumatsegula pakamwa ngakhale anthu amanyazi. Kwa woyamba kumene kulemba ndili ndi nkhawa pang'ono: n'kosavuta kutenga Ngwazi, Mlangizi ndi Tambwali, kuwayendetsa pa masitepe 12, n'kutuluka ndi nkhani yooneka yokwanira koma yofanana ndi zikwi zina. Woteroyo ayambe walemba anthu amene amawadziwa, makhadi abwere pambuyo.

Opanga akadzasindikizanso, ndikupempha zinthu zochepa. Atchule Pearson ndi Vogler ndi mayina awo. Achotse mawu oti nkhani iliyonse pa pepala lija. Afotokoze kusiyana kwa magulu awiri a makhadi. Akulitse zilembo za kuseri ndi kuzidetsa. Mafunso a pa intaneti awachotse, kapena awasinthe kuti munthu aziyankha m'malo mwa mpangankhani wake osati m'malo mwa iye mwini, pakuti akatero akhoza kukhala chida chenicheni cha wolemba. Pakadali pano, mukagula, werengani kuseri kwa makhadi mosamala, kabuku mukawerenge mukudziwa zimene ndanenazi, ndipo nambala yolowera pa intaneti ija musaigwiritse ntchito.